Tinagona pa Kamwendo

Tinanyamuka pa Kapiri nkhuku zitalowa kale,
matumba sikisite a mtedza kumbuyo,
lona litamangidwa ndi zingwe za matayala,
ngongole ya banki m'khonde itandikhala pakhosi.

A Gelesomu anali atachokera ku Nkhamenya tsiku lomwelo,
dzulo lake ku Karonga ndi mpunga wa eni.
Sindinawafunse kuti anagona liti.
Ndinafunsa chimodzi chokha: tifika kusanache?
Wogula wa ku Lilongwe sadikira munthu.

"Tifika, mayi."
Anayatsa wailesi, natsitsa galasi.
Mphepo ya Juni inalowa osaodira.
Ankatafuna chimanga chokazinga,
njere imodzi imodzi, kuti nsagwada zisagone.
Pansi pa mpando pankagubuduzika botolo
la zakumwa zopatsa mphamvu zija,
lachitatu, lopanda kanthu.

Tulo sitibwera ndi ng'oma.
Timadza ngati chiswe,
kudya mzati kunsi, denga likadali chiimire.
Ndinationa tikuyamba.
Kuyasamula koyamba anakubisa m'dzanja,
kwachiwiri sanavutike n'kubisa.
Nkhani ya mwana wawo wa Fomu 3 inadukira pakati
ndipo sanaitolenso.
Mzere woyera wa pakati pa msewu
unayamba kulowa pansi pathu,
kutuluka,
kulowanso.

Ndinakhuthula zonse zimene ndinali nazo mkamwa:
mtengo wa feteleza, maliro a apongozi,
mbuzi imene inandidyera khadi la kusikelo.
Ndinati, tanditchulireni ana anu.
Anatchula atatu.
Pa wachinayi anangoti duu,
maso ali potseguka, munthu mulibe.

Kenako njinga.
Wamakala, matumba atatu, wopanda nyali,
anangoti tulukiru m'kuwala kwathu.
Sindinati adalaivala, sindinati bambo,
ndinakuwa, Gelesomu!
ngati ndinawabala ndine.
Lole inapendama, matayala analira,
thumba la pamwamba linakhudza galasi lakumbali.
Wanjinga anatitukwana mpaka makolo athu.
Chibadwire sindinamvepo mawu okoma chotero.
Wakufa satukwana.

Pa Kamwendo ndinati, imani.
"Nanga wogula, mayi?"
Imani apo, pali nyali ya golosale yotseka,
pafupi ndi mlonda wowotha makatoni uyo.
Zoti kuthamanga si kufika ndinazimva ndili kamtsikana,
koma mtengo wake ndinali ndisanauonepo.

Anagona chipumi chili pa chiwongolero,
chipewa chikadali kumutu.
Mkonono wawo unadzaza kabini yonse.
Ine ndinafunda chitenje chachiwiri,
ndikuwerenga agalu odutsa,
ndikumvera injini ikuzizira, the, the, the.
Foni inalira kawiri m'chikwama.
Ndinaisiya ilire.
Ndinakumbuka Nasimelo, mnzanga wa pamsika,
amene soya wake anatoledwa m'ngalande chaka chatha,
anthu akudzaza zidebe
iye atafunditsidwa masamba.
Nayenso ankafuna kufika kusanache.

Tambala woyamba, wachiwiri.
Mayi wa tiyi anafika ndi mbaula pamutu.
Ndinagula makapu awiri ndi mandazi ozizira a dzulo.
A Gelesomu anatsika, nasukusula ndi madzi a m'chigubu,
anadziwongola msana mpaka unalira,
nazungulira lole, akugogoda tayala lililonse ndi chitsulo
ngati akuipepesa.
Atakwera anakhala kaye, osaliza injini.
"Wachinayi ndi Sigele," anatero.
"Wangoyamba kukwawa."

Pa Waliranji tinadutsa dzuwa litatuluka,
ana asukulu akutibayibitsa osadziwa kanthu.
Wogula anandizazira, nachotsa fifite kwacha pa kilo.
Ndinawerenga ndalamazo kawiri, zinali zoperewera.
Kenako ndinayang'ana zala zimene zinkawerengazo,
zakuda ndi fumbi la mtedza,
zikunjenjemerabe pang'ono,
ndipo ndinazipinda, ndalama zili mkati.

Masiku ano ndikakwera kutsogolo
sindiyamba ndi kufunsa nthawi yofikira.
Ndimayang'ana m'maso mwa dalaivala,
n'kumufunsa kuti, mwagona kuti dzulo?
Ena amaseka.
Ena amayang'ana kumbali.